"Lovesong" ya The Cure pa ukwati wanga: azakhali akuti ikumveka ngati ya pamaliro

Tadala: Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Ukwati wanga ndi wa mu Ogasiti. Holo tinalipira kale, madiresi ali kwa telala, koma tasemphana pa nyimbo yoti ine ndi mwamuna wanga tidzavine awiriwiri perekaniperekani asanayambe. Mtima wanga uli pa "Lovesong" ya gulu la ku England lija, The Cure. Dzulo tikusankha nyemba pakhonde ndinawaikira azakhali anga pafoni. Anamvetsera mpaka kumapeto osatsegula pakamwa, kenako akuti, "Mwanawe, imeneyi ndi ya ukwati, kapena tikukaika munthu m'manda?" DJ naye akuti ngati ndaumirira andiikire ya Adele chifukwa ndi imene anthu akuidziwa. Koma ine yanga ndi yoyambirirayo. Bwenzi langa latha zaka 4 ku Joni, ndipo usiku umene anafika, atangotsika basi ku Park Station, chinthu choyamba kunditumizira chinali nyimbo imeneyi. Sanalembe china chilichonse. Ndichite bwanji?

Yamikani wa ku Joni: Asisi, musaisiye. Ndibwera ndifotokoze ndikaweruka.

Nachisale: Tadala mwana wanga, poyamba zabwino zonse. Azakhali akowo uwauze kuti nyimbo imeneyi inabadwira pa ukwati penipeni. Robert Smith, woimba wa gululi, anaipeka ngati mphatso kwa mkazi wake Mary Poole. Anakwatirana pa 13 Ogasiti 1988 kutchalitchi cha Worth Abbey, ndipo anadziwana ali ana a sukulu kuno ku Crawley, ku England, Robert ali ndi zaka 14. Mpaka lero ali limodzi. Ndikuti "kuno" chifukwa ndi kumene ndikukhala, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndiye ndikamva munthu akuti ndi ya maliro mtima umandipweteka pang'ono. Ndi mphatso ya mkwati kwa mkwatibwi wake.

Mavuto: Ine ndiyankhula mosapsatira, mundikhululukire achemwali. Ukwati si wa anthu awiri. Agogo adzachoka kumudzi m'bandakucha, ankhoswe adzakhala atathamanga miyezi, anthu adzasintha ndalama zawo kuti adzakufupeni. Ndiye nonsenu mudzaimirire pakati pa holo ndi nyimbo ya Chizungu imene palibe ngakhale mmodzi wa iwo akuimva? Ndinakhalapo pa ukwati wina pamene anachita zoterezi. Holo yonse inazizira, amayi anayamba kuyang'anana, ena kutuluka panja kukayankha mafoni. MC anavutika kuti anthu adzukenso. Oimba athu ali ndi nyimbo zachikondi zambirimbiri zoti agogo akhoza kuzilulutira. Iyo ya The Cure mukamvere kunyumba kwanu awiri.

Tadala: Achimwene Mavuto, ndakumvani ndipo sindikutsutsa. N'chifukwa chake ndafunsa. Kungoti nyimbo zina zonse za tsikulo, kuyambira polowa mpaka potuluka, ndi zathu zakwathu. Ndikupempha mphindi zitatu ndi theka zokha.

Kondwani wa kiyibodi: Ndilowepo ngati munthu woimba kiyibodi kutchalitchi. Azakhali sanalakwe, khutu lawo lamva chinthu chenicheni. Ndangoiimba pano kawiri kuti nditsimikize. Nyimboyi ili mu A minor (minor ndi kamvekedwe kokhala ngati kachisoni), ndipo makodi a ndime zake, kutanthauza magulu a manoti oimbidwa pamodzi, amayenda motere: Am, G, F, Em. Mukaona bwino, iliyonse mwa makodiwa ikutsika kuchoka pa inzake, ngati munthu akutsika masitepe mmodzimmodzi. Bezi gitala ya Simon Gallup wa m'gululi ndi imene ikutsogolera kutsikako, ndipo pamwamba pake pali kiyibodi yolira ngati limba la m'tchalitchi. Kukwaya kwathu nyimbo zambiri zimazungulira pa makodi atatu owala aja, ndiye khutu lozolowera zimenezo likamva minor yotsika chonchi, pamodzi ndi liwu la limba, limathamangira ku chisoni.

Koma mvetserani pa kolasi. Pamenepo zinthu zimatembenuka: F, G, Am, C. Ikukwera. Ndipo ikukwera pa malo enieni pamene woimbayo akulonjeza kuti kaya akhale kutali chotani, kaya atenge nthawi yaitali bwanji, chikondi chake sichidzasintha. Ndime zikutsika, lonjezo likukwera. Amene anaipeka ankadziwa chimene akuchita.

China, ng'oma zake sizozizira ayi. Ombani m'manja motsatira, muona kuti ikuthamanga ndithu. Anthu amanyengeka ndi mawu a Robert Smith, chifukwa amaimba modekha ngati akunong'oneza munthu amene wagona pafupi naye.

Nangozo: Achimwene Kondwani mwandimasula. Zaka zonsezi ndimadabwa chifukwa chake kolasi ija imandidzutsa tsitsi.

Ankolo a ku Zomba: Ana inu mwandikumbutsa kale. Ine nyimbo imeneyi ndinaimva koyamba pa kaseti imene msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku sukulu kunja. Masiku amenewo wailesi inali MBC yokha, wailesi ya kanema kunalibe, inadzayamba mu 1999. Nkhope za anyamata amenewa tinkangoziona pa kapepala ka m'kati mwa kaseti. Tsitsi la Robert Smith lili nyankhalala, milomo yopaka zofiira, m'maso mwakuda. Kumbukirani kuti nthawi ya Kamuzu lamulo silinkalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndiye kwa ife chithunzi chimenecho chinali cha dziko lina. Bambo anga atachiona anandifunsa ngati munthuyo ali bwinobwino.

Ndifotokozeko za mawu oti single, chifukwa a masiku ano mumangodina pafoni. Kale chimbale chachikulu chinkakhala ndi nyimbo zambiri, ndiye kampani inkasankhamo imodzi n'kuidinda payokha pa kambale kakang'ono kozungulira ka 45 pa mphindi. Kutsogolo nyimbo imene akuigulitsayo, kuseri kwake ina yowonjezera. Kuseri kwa "Lovesong" kunali "2 Late". Chimbale chachikulucho ndi Disintegration, chinatuluka pa 2 Meyi 1989, pamene single inatsatira mu Ogasiti chaka chomwecho, patangotha chaka chimodzi ukwati wawo utachitika. Inali yachitatu kutengedwa m'chimbalecho, itatsogoleredwa ndi "Lullaby" ndi "Fascination Street".

Chodabwitsa n'chakuti kwawo ku Britain inangofika pa nambala 18, koma ku America inakwera mpaka nambala 2 pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kumeneko. Amene anaitchinga pamwamba anali Janet Jackson ndi "Miss You Much". Palibe nyimbo ina ya The Cure imene inafikapo pamenepo ku America.

Mavuto: Ankolo, mbiri mwaifotokoza bwino, koma nambala 2 ya ku America siidzavinitsa agogo a Tadala.

Ankolo a ku Zomba: Zoona mphwanga, siidzawavinitsa. Ine ndimafuna muone kumene nyimboyi yakhala. Chimbale cha Disintegration n'cholemera, chamdima. Robert Smith ankayandikira zaka 30, anabadwa mu Epulo 1959, ndipo zinkamusowetsa mtendere kuti unyamata ukutha asanapange chinthu chimene iye angachitche chachikulu. M'gulumo munalinso mavuto, moti Lol Tolhurst, mnzake wa paubwana amene anayamba naye gululi, anachotsedwa chaka chomwecho chifukwa cha mowa. Nyimbo zambiri m'menemo ndi zazitali, za kutayana, za kukalamba, za maloto oopsa. Ndiye pakati pa zonsezo pali kanyimbo kamodzi kafupi kopanda mwambi, kopanda chophiphiritsa, kongonena kuti ndikakhala ndi iwe ndimakhala ngati ndafika kwathu. Munthu amene anazolowera kubisa zakukhosi m'mafanizo, apa anayankhula poyera. Kwa ine ndi pamene pagona mphamvu yake.

Yamikani wa ku Joni: Ndaweruka tsopano. Asisi Tadala, alamu athuwo sindikuwadziwa, koma ndikudziwa chifukwa chake anatumiza nyimbo osalemba mawu. Ukatsika pa Park Station usiku, chikwama chili pamutu, foni ili ndi chaji yochepa, amene amayenera kudzakuchingamira sakuyankha, m'kamwa mumauma. Ufuna kumuuza amene wamusiya kumudzi kuti usaope, koma iwe mwini ukunjenjemera. Ife amuna ambiri sitinaphunzitsidwe kunena mawu amenewa. Bambo anga sindinawamvepo akuuza mayi anga kuti ndimakukonda, ngakhale ankawakonda mpaka imfa. Ndiye umapeza munthu wina amene ananena kale zimene zakukanika, n'kumutuma kuti akakuyankhulire.

Robert Smith naye anali munthu wa maulendo. Gulu likatulutsa chimbale limatha miyezi likuzungulira maiko, mkazi ali kunyumba. Nyimboyi ndi lonjezo la munthu amene akudziwa kuti achokapo. N'chifukwa chake muli kachisoni. Chikondi cha anthu otalikirana sichikhala chosekerera chokhachokha, ndipo nyimbo imene ikanangosekerera ine sindikanaikhulupirira.

A The Cure anabwera kuno ku South Africa koyamba mu Malichi 2019, anaimba kuno ku Joni ndi ku Cape Town. Ine tsikulo ndinali pa shifiti ya usiku, ndinalephera kusinthana ndi munthu. Mpaka lero zimandiwawa.

Nachisale: Yamikani wanena zimene ndimalephera kunena. Crawley ndi tauni wamba, ili pafupi ndi bwalo la ndege la Gatwick, moti tsiku lonse umangomva ndege zikunyamuka ndi kutera. Ndikaweruka 7 koloko m'mawa nthawi yozizira, kunja kukadali mdima, ndimaima pa siteji ya basi manja ali m'thumba la jekete, n'kumaona nyali za ndege zikukwera kumwamba. Ana anga awiri ali ku Blantyre ndi mayi anga. Nthawi imeneyo kwathu amakhala ali m'kalasi, sindingawaimbire. Ndimaika nyimboyi m'makutu. Kwa ine siikhalanso ya mwamuna ndi mkazi, imakhala ya ine ndi ana anga. Ndipo ndimaganiza kuti ena mwa anyamata amene anaipanga anakulira m'misewu yomweyi, anayambitsa gulu lawo kuno ali pasukulu, dzina loti The Cure n'kulitenga mu 1978. Mwina nawonso ankaziona ndege zomwezi.

Tadala: Amayi Nachisale mwandiliza. Mulungu akusungireni anawo.

Chifundo: Pepani ndafika mochedwa. Funso langa ndi la DJ uja. Bwanji osangolola ya Adele? Ndi nyimbo yomweyo, mawu omwewo, ndipo anthu ambiri a msinkhu wathu amaidziwa. Ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi yake, ndinadzadziwa posachedwa kuti anachita kubwereza.

Kondwani wa kiyibodi: Achemwali Chifundo, ya Adele ndi yokoma, sindingainyoze. Ili mu chimbale chake cha 21 cha mu 2011, anaijambula ndi katswiri wojambula nyimbo Rick Rubin. Koma ngati nkhawa ya azakhali ndi chisoni, imeneyo ndiye iwonjezera. Anaichedwetsa kwambiri, anaiika pa gitala wosalumikiza ku magetsi ndi kamayendedwe ka bossa nova ka ku Brazil, ndipo imapitirira mphindi zisanu. Chimbale chonsecho ndi cha munthu amene chibwenzi chatha. Ndiye mawu omwewo m'kamwa mwa Adele amamveka ngati munthu watsala yekha m'nyumba akulankhula ndi amene anapita. Ya The Cure ndi ya munthu amene wake alipo, akumuuza pamaso. Pa mphindi zisanu zozizira pakati pa holo, zimene akuopa achimwene Mavuto zichitikadi.

Palinso ina ya gulu la ku America lotchedwa 311, ya mu 2004, imene inali mu filimu ya 50 First Dates. Iwo anaipatsa kamtundu ka reggae. Imeneyo ndi yosavuta kuvina, ndipo khutu la kwathu likhoza kuilandira msanga. Koma ngati alamu anatumiza yoyambirira, ine ndikuti ikhale yomweyo. Mphatso sasintha pepala lokulungira tsiku loipereka.

Mavuto: Ya reggae ija ndiye bola. Koma ndaona kuti pano ndili ndekha.

Nangozo: Simuli nokha achimwene, nkhawa yanu ndi yoona ndipo Tadala aiganizire. Ine ndikufuna ndinene china chimene sichinatchulidwe, ngakhale chikuchoka pang'ono pa funso.

Robert Smith ndi Mary alibe ana. Iye mwini ananenapo poyera kuti anachita kusankha choncho. Ife sitinasankhe. Chaka chino tikukwanitsa zaka 9 m'banja popanda mwana. Amene munadutsamo mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Chaka choyamba amakufunsa moseka. Chachitatu amayamba kukubweretsera mankhwala m'mabotolo. Chachisanu achibale ena anamuitanira mwamuna wanga pambali pa maliro, n'kumuuza kuti apeze wina woti amuberekere, dzina lisafe. Anabwera kunyumba usiku, anakhala pamphepete pa bedi nsapato asanavule, n'kundiuza zonse mmene zinayendera. Kenako anati, "Ine ndinakwatira iwe." Basi, mawu atatu.

Ndikamamvera nyimboyi ndimamva mawu atatu amenewo. Mulibe za ana, mulibe za chuma, mulibe zoti ukandichitira chakuti. Muli munthu mmodzi akuuza mnzake kuti pali iwe ndimakhala wathunthu. Pa zilangizo timauzidwa zambiri za mmene tingasungire mwamuna, za kuphika, za kuchipinda, za apongozi. Zonsezo n'zofunika. Koma palibe amene anandiuza chimene chimatsala zinthu zimene munkayembekezera zikapanda kubwera. Anthu awiri aja adziwana kuyambira ali ana a sukulu, ndipo chaka cha 2024 mwamunayo anatulutsanso chimbale china, Songs of a Lost World, ali ndi zaka 65, mkazi wake ali yemweyo. Tadala, ngati mwamuna wakoyo anasankha nyimbo imeneyi pa usiku umene anali ndi mantha, ine ndikuti uivine pamaso pa anthu onse.

Nachisale: Nangozo m'bale wanga, ndakukumbatira kuchokera kuno.

Yamikani wa ku Joni: Ulemu kwa bambo akunyumbawo, asisi.

Mavuto: Achemwali Nangozo, zikomo potikhulupirira ndi nkhani yotere. Ndilibe choyankha. Tadala, ngati muiike, chonde chitani chinthu chimodzi: MC ayambe wafotokoza m'Chichewa zimene nyimboyo ikunena ndi chifukwa chake mwaisankha. Agogo asakhale ngati alendo pa ukwati wa mdzukulu wawo. Ndipo ikangotha, DJ asadikire, aponye yakwathu yoti aliyense adzuke.

Ankolo a ku Zomba: Pamenepo ndiye mwagwira mfundo mphwanga. Ndiwonjezere kuti DJ asaike kanema wake pa sikirini ngati holoyo ili nayo. Anajambula ndi Tim Pope, gulu lonse lili m'phanga lamdima, ndipo azakhali akaona zimenezo mudzayambiranso poyamba. Mawu okha akwanira.

Chifundo: Ndangomvera yoyambirirayo katatu motsatizana. Kondwani ukunena zoona, pa kolasi imakweradi. Ndabweza mawu anga a Adele.

Tadala: Abale, ndabweranso patapita masiku awiri. Ndinachita zimene munanena. Usiku wathawu titadya ndinakhala ndi azakhali kukhitchini, ndinaika nyimbo ija, ndipo mzere uliwonse ndinkaimitsa n'kuwamasulira m'Chichewa. Titafika pa kolasi anandigwira dzanja kuti ndiimitse kaye.

Azakhali angawa ndi oyamba kubadwa m'banja la bambo anga. Amuna awo anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela iwo ali ndi mwana wakhanda kumsana. Nkhani imeneyi ndinkaidziwa pamwamba chabe. Dzulo anandiuza kuti kalata inkabwera mwa apo ndi apo, yolembedwa ndi munthu wina chifukwa amunawo sankadziwa kulemba, ndipo iwonso ankapita nayo kwa aphunzitsi kuti akawawerengere. M'kalatamo munkakhala za ndalama, za mbuzi, za denga loti lifoleredwe mvula isanagwe, ndi moni kwa aliyense mpaka ana a oyandikana nawo. Akuti ankamvetsera mpaka kumapeto kudikira mawu amodzi okha a iwo eni, koma pa kalata yodutsa m'manja mwa anthu awiri mwamuna sakanawanena. Amalumewo anabwerako, anakhala limodzi mpaka anamwalira, koma mawuwo sanatuluke.

Anandiuza kuti ndiibwereze kuyambira poyamba osaimitsa. Itatha anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akuti, "Mnyamatayu ndiye anakutumizira zimenezi ali pa siteshoni?" Ndinati eya. Akuti, "Kavineni. Koma ikadali ngati ya maliro."

Ndiye zatheka. DJ ndamuuza kuti ndi ya The Cure, ya mu 1989, osati ina. MC adzafotokoza kaye monga ananenera achimwene Mavuto. Achimwene Kondwani, mungandithandize kulemba mawu ochepa oti MC adzanene? Asakhale ambiri, anthu asatope.

Kondwani wa kiyibodi: Ndilemba usiku uno ndikachoka ku kwaya, ndikutumizirani kumbali kuti muwaonetse alamu asanapite kwa MC. Mundiuze dzina la mudzi wa azakhali ndi chaka chimene alamu ananyamuka. Ndipo DJ mumuuze ayese nyimboyo pa masipika a m'holomo tsiku la Lachisanu, chifukwa bezi ija ikachuluka imameza mawu a woimba, agogo akumbuyo sadzamva kanthu.